Diresi la Dona ndi Tsempho la Mwana Wanga

1

Musandimvere chisoni msanga, owerenga. Anthu a pakompaundi pathu anachita changu chotero chaka chatha, ena mpaka kunditungira madzi, ndipo anadzanong'oneza bondo.

Dzina langa ndine Millie. Ndimakhala pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje, dzina lake ndisunga. Amuna anga, a Elson, ndi kalaliki wa pasikelo, amene amayeza masamba othyola tiyi akabwera nawo m'madengu. Kutchalitchi anali otsogolera kwaya. Ine ndinkachapa ndi kusita kunyumba kwa bwana wamkulu wa esitetiyo.

Nditabereka mwana wathu woyamba, Hudson, thupi linabwera osati masewera. Masaya phwii, mikono ngati misi. Aliyense wondiona ankayamika.

"Mwakhala bwino, mayi a Hudson! A Elson akudziwa kusamala."

Loweruka lina a Elson ananditenga panjinga kupita ku Chitakale. Tikungofika pamsika, tayala lakumbuyo linaphwa. Anzawo amene anakhala pakhonde la telala anayamba kuseka.

"Musaseke," anatero a Elson akudziguguda pachifuwa. "Uyu ndi katundu wa bwana, si wa panjinga ayi. Chaka chamawa ndigula lole!"

Iwo ankanyadira, ndipo mkazi wina aliyense wa kwathu akanakondwa. Ine ndinaseka mano okha, chifukwa maso anga anali atazolowera Dona, mkazi wa bwana uja. Mzungu ameneyu anali ndi ana atatu koma m'chiuno ngati mavu. Anali atandipatsa diresi lake lakale, lobiriwira, lofika m'munsi mwa maondo monga lamulo la boma la kavalidwe lifunira. Ndinkafuna ndikalivale paphwando la Khirisimasi la akalaliki ndi akapitawo, akazi anzanga akaone kuti ine ndimagwira ntchito kunyumba yaikulu. Koma zipi yake inkafika pakati pa msana n'kukana ngati bulu.

2

Tsiku lina ndikuika zovala m'kabati ndinalimba mtima.

"Dona, inu simunenepa bwanji?"

Anaseka akuvala ndolo. Chichewa chake chinali chothyokathyoka, koma ndinamva.

"Ine sindidya buledi, Millie. Sindidya mbatata, mpunga, shuga. Zonenepetsa ndi zimenezo. Nsima yanu ija ndiye yoposa zonse."

Basi, anatenga chikwama n'kutuluka. Sanandiuze kuti nditsanzire, ndipo pamenepa ndisamunamizire. Ine sindinafunsenso kuti nanga m'malo mwake amadya chiyani, ngakhale mbale zake ndinkaziona tsiku ndi tsiku, za mazira m'mawa, nyama kapena nsomba masana, tchizi ndi mapeyala madzulo. Ndinangogwira mbali imodzi ya nkhani n'kuthamanga nayo.

M'mawa mwake ndinasiya nsima. Ndinasiya makaka a chinangwa, mbatata, mpunga, nthochi, phala, ngakhale shuga wa mu tiyi. Tsono panyumba ya kalaliki ukachotsa zimenezi chimatsala n'chiyani? Nkhwani, chigwada, mpiru. Nyama imabwera pakutha pa mwezi, ndipo nthuli zabwino n'za bambo. Mazira tinkasiyira nkhuku kuti zifungatire.

Kubisa sikunavute. Kwathu mwamuna amadyera m'nyumba, mkazi kukhitchini. A Elson ndinkawapatsira bwinobwino, madzi osamba m'manja ndi zonse, ndikugwada. Nsima yanga ndinkaikulunga m'tsamba la nthochi n'kukaponyera nkhumba za mnansi wathu kuseri kwa malayini a nyumba za antchito. Nkhumba zimenezo zinanenepa mpaka mwini wake anayamba kudzitama kuti ali ndi dzanja labwino.

Masiku oyamba mutu unkagunda, ndikadzuka pansi dziko linkazungulira, ndipo m'kamwa munkatuluka fungo lachilendo. Koma chitenje chinayamba kuzungulira m'chiuno n'kutsalako. Zipi ija inkakwera pang'onopang'ono. Ndinkadziyang'ana pagalasi la Dona ndikumwetulira ndekha, mwana ali kumsana.

3

Ine ndine munthu amene ndinakula osadziwa khomo la chipatala. Koma itangoyamba mvula chimfine chinandigwira n'kumanga msasa. Kenako zilonda m'kamwa. Kenako zithupsa m'khwapa, china chikamaphulika china chikutuluka. Simbi inanditentha pang'ono padzanja, kabala koti kale kakanapola sabata isanathe, koma kanatukusira n'kuyamba kutulutsa mafinya. Malungo anandigwetsa, nditangodzuka anabweranso.

Choopsa chinali kumabere. Mkaka unachepa. Hudson ankayamwa n'kulavula bere, kulira mpaka mawu kusasa. Ndinayamba kumupatsa phala lamadzimadzi la ufa woyera, koma anatsegula m'mimba. Mwana amene anali wonenepa ngati dzungu anatsala mutu. Tsitsi linayamba kufiira, timapazi n'kutupa.

"Mayi a Hudson, tiyeni ku Mishoni," anatero a Elson.

"Ndi mano awa, akumera. Zisiya zokha."

"Nanga inuyo mukumeranso mano? Taonani mmene mwathera."

Ndinakana, chifukwa ndinkaopa kuti kuchipatala akandifunsa zimene ndimadya. A Elson atasowa chochita anakatenga amayi anga kumudzi.

Amayi anafika chakumasana. Sanamwe ndi madzi omwe. Anamasula mwana, n'kumudina phazi ndi chala, ndipo chala chinasiya dzenje. Anandiyang'ana ine, mafupa a m'khosi ali poyera. Kenako anatembenukira kwa mkamwini wawo.

"Ili ndi tsempho."

Kwa inu amene munakulira m'tauni, nkhani yake ili chonchi. Mwana akabadwa, bambo ndi mayi amagona kosiyana mpaka tsiku lomutengera kumphasa, ndipo ife tsikulo tinali tisanalifike. Bambo akazembera kwa mkazi wina nthawi imeneyi n'kubwera kudzanyamula khanda, amati walisempha. Mwana amatupa, mayi amafooka. Akulu amati mankhwala ake alipo, koma sagwira wolakwa asanaulule.

"Amayi, ine sindinapite kulikonse," anatero a Elson, nkhope itachita kuyera.

"Mukanena pamaso pa ankhoswe."

Mawu anafika pakhosi panga. Ndinkangofunika kunena kuti amayi, si choncho, ine nsima sindikudya. Koma ndinaganiza za mmene akandiyang'anire, mkazi woyamwitsa wopatsa nkhumba chakudya chifukwa cha diresi la mzungu. Nkhani ikanafika kumudzi dzuwa lisanalowe. Paja amati manyazi anapha lambe. Ndinaweramitsa mutu n'kukhala chete.

4

Ankhoswe anakumana Lamulungu masana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Kumbali yanga kunali atsibweni, a Pilato, munthu wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga Baibulo. Anansi ankadutsadutsa, uyu ngati akufuna nkhuku yake, uyu ngati akuyanika zovala zouma kale.

"A Elson," anatero atsibweni, "ife sitinabwere kudzakumangani. Tonse ndife amuna, timadziwa kuti miyezi imatalika. Ululani, mwana amwe mankhwala."

"Palibe choti ndiulule."

"Ndiye mwanayu watupa ndi mphepo?"

"Ndanena kuti tipite naye ku Mishoni."

"Tsempho ndi jakisoni siziyenderana," anatero amayi. "Mukufuna mumalize?"

Anawapanikiza mpaka mthunzi unasuntha. A Elson ali gwa. Pamenepo amayi anandilanda mwana, n'kumugoneka pamphasa patsogolo pawo, atamuvula kansalu.

"Kanani mukumuyang'ana."

Hudson analira kamawu kakang'ono ngati ka mwana wa mphaka. Nthiti zonse zinkawerengeka. A Elson anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana ine. Ine ndinayang'ana nyerere.

"Ndinalakwa," anatero.

"Eyaa!" anatero atsibweni. "Ndi ndani?"

"Dzina sinditchula. Mupatseni mwana mankhwala."

Tsopano ndikuuzeni chonyansa. Mtima unandipweteka, inde, ndipo nsanje inandiotcha. Koma pansi pa zonsezo ndinamva kupepukidwa. Ndinati kani si ine, kani ndi tsempho lenileni! Ndinadzigwetsa pansi n'kulira mokweza kuti onse oyanika zovala aja amve.

Dzina limene a Elson anabisa, kompaundi inalipeza yokha. Anati ndi Emelda, mtsikana wothyola tiyi, wamanyazi, amene anali pa chitomero ndi a Bizwick oyendetsa thirakitala. Umboni wake? Tsiku lina atabinya mwendo, a Elson anamunyamulira dengu. Basi. A Elson anakana kuti si iyeyo, koma anthu anati nanga akanatani, fisi angatchule kumene anadya mbuzi?

Ndinali wofooka, koma mphamvu za mkwiyo zimachokera kwina. Ndinapita kusikelo nthawi yoyeza masamba, othyola ali pamzere. Ndinamukoka Emelda dengu n'kukhuthulira tiyi yense m'matope.

"Hule iwe! Ukufuna kundiphera mwana?"

"Mayi a Hudson," anatero, "ine amuna anuwa ndimangowadziwa pasikelo pano."

Ndinamutukwana zina zimene magazini ino singasindikize. Iye anagwada n'kuyamba kutola masamba ake limodzilimodzi. Sabata yomweyo a Bizwick anathetsa chitomero. Kutchalitchi akulu a mpingo anaimitsa a Elson mgonero, ndipo kwaya inapatsidwa kwa wina.

5

Mankhwala a tsempho tinamwa, ena kusamba, ena kutemera. Palibe chinasintha. Hudson anasiya n'kulira komwe. Ine chifuwa chinatsikira m'nthiti, ndikapuma ngati wina akundibaya ndi mpeni. M'mawa wina ndinagwa pakhomo ndili ndi ndowa kumutu. A Elson sanafunsenso munthu. Anapempha lole ya pa esiteti n'kutitengera ku Mulanje Mishoni, amayi akudandaula njira yonse.

Ine anandipeza ndi chibayo. Mwana anamuika pabedi loyandikana ndi langa, n'kuyamba kumudonthezera mkaka. Nditayamba kuzindikira, kunabwera adokotala ena achikulire, a Spencer. Anandiyang'ana m'maso, m'kamwa, bala la padzanja lija. Kenako anapempha amayi kuti akatunge madzi.

"Mayi, kwanu kuli njala?"

"Ayi."

"Bambo amakumanani chakudya?"

"Ayi, amagula."

"Nanga bwanji thupi lanu likuoneka ngati la chaka cha njala? Nsima munadya liti komaliza?"

Ndinayesa kuwerenga miyezi, misozi inayamba yokha. Ndinawauza zonse, za Dona, za zipi, za nkhumba. Ndinkadikira kuti aseke kapena aitane anamwino adzamve zodabwitsa. Iwo anangokhala pampando.

"Dona wanuyo akachotsa buledi amaikapo mazira, nyama, nsomba, mkaka. Komanso sakuyamwitsa. Kaya zimamuthandiza kaya ayi, izo n'zake ndi dokotala wake. Inu munachotsa nsima osaikapo kanthu. M'magazi mwathumu muli asilikali olimbana ndi matenda, mayi, ndipo nawonso amadya. Mukawamana, chimfine chomwe chimawagonjetsa, kabala kakang'ono sikapola. Tsono mwanayu mbale yake ndi inuyo."

"Nanga tsempho?" ndinafunsa, ndikufunabe pogwira.

"Za tsempho ine sindinaphunzire. Chimene ndikuona apa ndi njala, ndipo mukanachedwa pang'ono tikanalankhula zina."

Anatiyamba ndi phala lothira nsinjiro ndi mkaka, pang'onopang'ono. Kenako nsima ya mgaiwa, nyemba, dzira. Jakisoni ndinabayidwa mpaka kusowa pokhalira. Tsiku limene Hudson anagwira chala changa n'kuseka, ndinadziwa kuti Mulungu wandibwezera mwana amene ndinatsala pang'ono kumutaya ndi manja anga.

6

A Elson ankabwera masana alionse akaweruka, atamangirira bakuli la chakudya pakaliyala. Sankalankhula zambiri. Ankanyamula mwana, kumuimbira chapansipansi, n'kubwerera. Ine ndinkawalandira ndi nkhope ya munthu wolakwiridwa.

Titatsala pang'ono kutuluka ndinaganiza zowauza. Koma ndinakonza nkhaniyo mochenjera, kuti mlandu tigawane pakati. Tinakhala pabenchi panja pa wodi, Hudson akugona pamiyendo pawo. Ndinafotokoza zonse zimene ndinauza adokotala, ndipo ndinamaliza chonchi:

"Ndinalakwa, bambo a Hudson. Koma nanunso munalakwa ndi mkazi wanu uja. Tingokhululukirana, zithe."

A Elson anakweza mutu n'kufunsa:

"Ukuti unasiya kudya dala?"

Chikwatiraneni anali asananditchulepo kuti iwe.

"Ee."

"Tsiku lija pansi pa mango unkadziwa?"

"Ndinkakayika chabe, mpaka inu mutavomera kuti…"

"Millie, ine sindinagone ndi mkazi aliyense."

Ndinamva ngati benchi yachoka.

"Koma munaulula! Pamaso pa atsibweni!"

"Amayi anati mankhwala sagwira ndikapanda kuulula, ndipo ku Mishoni sakanalola asanayese awo. Mwana anali pamphasa paja akutha. Ndinati ngati pakufunika munthu wolakwa kuti mwana athandizidwe, wolakwayo ndikhale ine. Dzina ndi chiyani poyerekeza ndi mwana?" Anatembenukira kwa ine. "Ndinakuyang'ana, Millie. Ndinati mkazi wanga amandidziwa, anena kuti bambo awa sangatero. Iwe unayang'ana pansi."

Ndinafuna kugwira mwendo wawo, anausuntha.

"Ine ndinadzinamizira ndekha, ndiye ndi zanga. Koma mwana wa eni uja, Emelda, anakulakwira chiyani?"

Anandipatsa Hudson mosamala kuti asadzuke, n'kuimirira.

"Ukwati sindithetsa. Koma paliponse pamene bodza ili linanenedwa, ukanene zoona ndi pakamwa pako. Kwa ankhoswe, kutchalitchi, ndi kusikelo."

7

Kwa ankhoswe ndinanena. Atsibweni anavula chipewa n'kupepesa mkamwini, chinthu chimene sindinachionepo. Amayi anangoti, "Ukanandiuza tsiku lija ndikanakuwomba mbama imodzi, nkhani n'kuthera pompo." Mpaka lero a Elson akafika kumudzi, amayi amazemba kupita kudimba.

Kutchalitchi ndinanena. A Elson anabwezeredwa mgonero, atadzudzulidwa chifukwa chonama. Kwaya anawapempha kuti aitengenso, koma anakana. Amakhala kumbuyo, ndipo nyimbo amangoyendetsa milomo.

Kusikelo ndiko ndinazengereza, mpaka a Elson anasiya kundiyang'ana ndikamawapatsa moni. Ndinapita Lachisanu masana, nthawi yomwe ija yoyeza. Mzere unali wautali. Emelda anali pakati, dengu kumsana, atamanga pulasitiki m'chiuno. Anali ataonda kuposa mmene ndinaondera ine. Ndinagwada m'matope patsogolo pake.

"Emelda, ndinakunamizira. Mwana anadwala chifukwa cha ine. Undikhululukire."

Anandiyang'ana osaphethira.

"Mwamaliza?"

"Ee."

"Tsiku lija munakuwa mpaka a kufakitale anamva. Lero mukunong'ona. Bwerezani."

Ndinabwereza mokuwa, zonse, mpaka za nkhumba. Ena anaseka, ena anagwira pakamwa. Kapitawo anayang'ana kuphiri.

"Chabwino," anatero Emelda. "A Bizwick anakwatira wina mwezi watha. Mayi anga anasiya kupita kuchigayo chifukwa cha zala za anthu. Mukawakuwirenso amenewo."

Anandilambalala, n'kukoleka dengu lake pasikelo.

"Yezani, bambo. Dzuwa likupita."

A Elson anayeza. Ine ndinatsala chigwadire mpaka mzere wonse unatha.

8

Owerenga anzanga, makamaka inu amayi, sindinalembe izi kuti ndikuuzeni chimene mudye. Ine si dokotala. Ndimangodziwa kuti thupi langa linkadziteteza lokha zaka zonse ndikudya za kwathu, ndipo linagonja nditachotsa chimene chinkaligwira osaikapo china. Mukafuna kusiya chakudya chifukwa mwaona wina, yambani mwayang'ana bwino m'mbale mwake, ndipo mukafunse kuchipatala, makamaka ngati pali kamwana kamene kakudalira inu.

Koma njala ija inachizika ndi phala. Chimene sichinachizike ndi kukhala chete kwanga pansi pa mango, pamene mawu ochepa chabe akanapulumutsa anthu awiri osalakwa. Ndinasankha kuti manyazi anga asenze ena, ndipo anasenzadi.

Hudson tsopano akuyenda. Amakonda kuima pakhomo m'mawa n'kumakweza kadzanja kwa othyola tiyi akamapita kumunda. Onse amamuyankha. Emelda nayenso amamuyankha, amamumwetulira n'kumutchula dzina. Ine ndimakhala nditaima pambuyo pa mwanayo, ndipo ndimapereka moni tsiku lililonse. Koma maso a Emelda sanakwerepo kufika pamene pali nkhope yanga.